Mbale ya Chitseko Chofiira

Uthenga unabwera ndi munthu wa ku Chipoka amene ankachokera ku migodi ya ku Zambia. Anandipeza ndikuyanika usipa pathandala, nati mpongozi wanga wa ku Kitwe akupempha kuti ndipite ndikatenge mbale za Lenadi. Ndinamufunsa ngati anamva bwino. Iye anati mawu ake ndi omwewo, mbale.

Lenadi anali mwana wanga woyamba. Anachoka pakhomo ndevu zisanamere bwino, ndipo anafera komweko atagundidwa ndi lole pochokera kuntchito. Mbiri ya maliro inatifika atamuika kale. Tsono ndinakhala pansi n'kumadzifunsa kuti kodi munthu angadutse malire chifukwa cha mbale? Kwa amwenye ku Salima mbale zatha? Koma manda a mwana wanga ndinali ndisanawaone, ndiye mtima unati pita, mbalezo zikhale chonamizira.

Amuna anga, a Matola, anangopitiriza kusoka ukonde wawo. Muyenera kudziwa kuti a Matola anali achibwibwi. Mawu ankawakodwa pakhosi ngati ukonde pamwala, ndipo gombe lonse linkadziwa kuti munthu sawamalizira mawu. Umadikira, ngakhale nsomba zikuwola m'bwato. Amene anaswa lamulo limeneli ndi Lenadi. Tsiku lina pogawana nsomba bambo ake anakakamira pa liwu loti bwato, mwanayo n'kuwamalizira, powonjezera n'kuwatsanzira pang'ono. Amuna onse anaseka. A Matola sanamumenye. Anangomuuza kuti munthu wodziwa kulankhula chotero akafune mudzi wa anthu olankhula. Lenadi anapita kwa malume ake ku Kitwe, ndipo kuchokera pamenepo dzina lake silinatulukenso pakamwa pa bambo ake. Ngakhale tsiku la uthenga wa maliro, iwo anangoti mwana uja.

Mchimwene wanga anandithandiza kupeza chiphaso cha ulendo. Khadi la chipani ndinalimanga pakona ya chitenje, chifukwa masiku amenewo popanda khadi sunkaloledwa ngakhale kuponda pakhomo la basi. Anyamata a chipani analiyang'ana pa Salima, analiyang'ananso pa Lilongwe, mpaka linafewa ngati tsamba la fodya. Za ulendo wopita sindinena zambiri. Ndinadikira pa Lilongwe, ndinadikira pa Chipata, kenako msewu wa ku Lusaka unangotalika ngati mlandu wa munda. Pa mlatho wa Luangwa asilikali anatitsitsa tonse kuti tiwoloke pansi, basi ikubwera pambuyo pathu ngati ng'ombe. Ndalama za basi zinandidyera mbuzi yathunthu. Pofika ku Kitwe miyendo inali itatupa moti nsapato ndinazinyamula m'manja.

Mpongozi wanga dzina lake anali Mwansa, mtsikana wamtali, wowonda, wa Chibemba. Chinyanja chake chinali cha m'tauni, chosakaniza, koma tinkamvana. Anayamba wanditengera kumanda. Titabwerako anandithirira madzi ofunda m'beseni kuti ndiviike mapazi, kenako anagwada n'kusolola phukusi kunsi kwa bedi. Ine ndikuyembekeza mbale zamalata zija zamaluwa, ndinangoona mapepala olimba a zithunzi, ndipo m'kati mwake zinthu zakuda, zobulungira, zaboo pakati.

“Mbale zake n'zimenezi?” ndinafunsa.

Mwansa anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira pamimba. Anati kuyambira tsiku la maliro anali asanasekepo. Mbale za nyimbo ndinali nditazionapo patali kwa a Jafali, mnansi wathu wochokera ku Joni amene anali ndi gumbagumba yoimbira mbale zotere, koma sizinandibwerere m'mutu kuti mwana wa msodzi angasiye chuma chotere.

Zinalipo zisanu, zonse za gulu limodzi la azungu a ku Mangalande, anyamata anayi a tsitsi lofika m'mapewa, oimba ndi magitala amagetsi ndi ng'oma zaukali. Dzina lawo Mwansa analitchula, koma linandipulumuka tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero ndimangowatchula anyamata atsitsi. Lenadi ankawakonda zedi. Akalandira malipiro, anzake akupita kumowa, iye ankapita kukafunsa ngati anyamatawo atulutsa ina. Ndipo ankanena kuti tsiku lina adzapita nazo kwawo kunyanja akawaimbire bambo ake. N'chifukwa chake Mwansa anandiitana. Iye ankabwerera kwa makolo ake, ndipo sanafune kuti mawu a mwamuna wake agwe pansi.

Kuziimba sitikanatha chifukwa gumbagumba inali ya mnzake wa Lenadi, ndipo mwini wake anali ataitenga. Tsono podziwa kuti sindiwerenga, Mwansa anaziyala pamphasa n'kundiphunzitsa ndi zithunzi za pa zikuto. Ya anyamata okhala pakhoma inali yoyamba, pomwe anali akadali ana, akuimba zothamanga ngati akuthawa mvula. Ya tambala padenga ndiyo inawatchukitsa, inkamveka m'mabala onse a ku Kitwe. Ya chikhamu cha anthu anaijambula pabwalo, owonerera akukuwa. Yakuda bii anaiimba atakangana okhaokha, ndipo mkangano wawo umamvekera momwemo. Yotsalayo inali ndi chithunzi cha chitseko chofiira.

“Bamayo, mukayambe ndi ya chitseko chofiira,” anatero Mwansa. “Yakuda musayambe nayo, mukathawa. Ndipo ikakakamira musaigwire. Lenadi sankalola munthu kuigwira. Ankati adikireni amalize okha.”

Ndinavomera ndi mutu, koma za kukakamirazo sindinazimvetse. Ndinangodabwa kuti mwana wanga ankalemekeza mbale ngati munthu wamkulu, ndipo ndinati mwina ndi Chinyanja cha Mwansa chikupotoka. Chimene ndinagwira zolimba ndi chitseko chofiira. Ndinkawadziwa amuna anga. A Matola ankalawa chinthu kamodzi. Ndiwo akazikana supuni yoyamba, ngakhale uwonjezere mchere sankabwererako. Ngati akanavomera kumvera mbale za mwana uja, akanamvera imodzi yokha, ndipo imodziyo ikanakhala yolakwika, chitseko chawo chikanatsekeka mpaka kumanda. Msewu wonse wobwerera ndinkangonena chamumtima, chitseko chofiira, chitseko chofiira, phukusi lili pamiyendo ngati khanda.

Pa Chipata ndinakhala mpando umodzi ndi aphunzitsi a Gondwe, bambo wachinyamata wa kumpoto amene ankaphunzitsa ku Chitala, kwathu komwe ku Salima. Ankachokera kokaona mlongo wawo. Anandigawira nthochi, ine ndinawagawira chinangwa. Atamva kuti ndanyamula mbale za nyimbo anandipempha kuti aone, koma ndinakana, ndinati phukusi la maliro silimasulidwa panjira. Ndikanadziwa ndikanawaonetsa.

Pamalire panali mtengo waukulu, ndipo pansi pake panali mpando ndi munthu wa lumo. Mwamuna aliyense amene tsitsi lake linapyola pakhosi la malaya ankayamba wakhala pampandopo asanalowe m'dziko. Tinapeza mzungu wina wa chikwama chakumsana akumetedwa, akuyang'ana tsitsi lake pansi ngati munthu woyang'ana chimanga chogwa ndi mphepo. A Gondwe tsitsi linali bwino, koma buluku lawo linali lotambalala kumiyendo, ndiye analipinda mwachangu n'kulilowetsa m'masokosi. Anayenda ngati kakowa, koma anadutsa.

Ine ndi amene ndinakodwa. Bwana woyang'ana katundu, munthu waulemu ndithu, anamasula phukusi langa n'kutembenuza zikuto zija. Kumbuyo kwa chilichonse kunali anyamata anayi aja ndi tsitsi lawo lonse.

“Mayi, anthu awa sangalowe muno ndi tsitsi lotere,” anatero.

Ndinati ngati ndi choncho awakhazike pampando paja nawonso ametedwe. Anamwetulira pang'ono n'kuyang'ana kumbali ngati wina wamva. Ndinamuuza kuti n'za mwana wanga womwalira. Atamva zimenezi anasolola mbale zonse m'zikuto, n'kundipatsa zili m'timapepala toyera topyapyala ta m'kati. Zikuto anaziika kunsi kwa tebulo. Anati nyimbo zilibe tsitsi, zipite. Ndinathokoza ndi manja awiri, ndinaona ngati ndapulumuka.

Basi itadutsa Mchinji m'pamene ndinamasula kuti ndione ngati sizinasweke. Mtima unangoti phwii. Zonse zisanu zinali zakuda, zonse zobulungira, kapepala ka pakati kofanana, ngati ana a nkhuku imodzi. Chitseko chofiira chinali chitatsala pamalire pamodzi ndi tambala ndi khoma.

A Gondwe anati ndisadandaule, iwo awerenga. Anawerengadi mayina onse a Chingerezi, koma kwa ine anali ngati akutchula midzi ya kudziko lina. Gululo ankalidziwa, analimverapo ali kusekondale pa wailesi ya mnzawo, koma zikuto zake anali asanazionepo. Ndinawafotokozera za a Matola ndi kulawa kwawo kamodzi. Iwo anaganiza kaye, nati njira yabwino n'kuyamba ndi yoyamba kubadwa, ndipo imeneyo angaipeze chifukwa chaka chimalembedwa pa kapepala. Ukafika pamudzi umayamba kupereka moni kwa wamkulu, anatero, ndipo oimba umawamvetsa ukakula nawo. Kumbuyo kwathu kunali mayi wina wa ku Namitete wonyamula nkhuku m'dengu, amene makutu ake anali pa ife kuyambira pamalire. Iye anati aphunzitsi akunama, mlendo sumuyambitsa ndi zophika za mwana wophunzira kumene, umamupatsa ndiwo zimene mudzi wonse unavomereza. Ayambe ndi yotchuka ija ya tambala. A Gondwe anati zotchuka ndi zokomera oledzera. Mayiyo anati oledzera ndiwo sanama. Ankakangana monong'ona, poti masiku amenewo sunkadziwa kuti wakhala kutsogolo kwako ndani, komanso a Gondwe sankadziwa ngati nyimbo zina za anyamatawo sizinali zoletsedwa. Ine ndinangoti zikomo nonse, koma Mwansa anati chitseko.

Pa Lilongwe tinadikira basi ya ku Salima mpaka mthunzi wa depoti unachoka mbali ina kupita mbali ina. Mayi wa nkhuku nayenso ankapita komweko, kwa mwana wake. Basi itabwera inali yokalamba, yolira ngati ili ndi chifuwa. Inakwera mapiri movutika, ndipo titayandikira Mvera, potsetsereka, kunsi kunamveka khoo, n'kuima. Dalaivala analowa pansi pake, anatuluka ali bii, nati chitsulo chathyoka. Kondakitala anakwera lole yobwerera ku Lilongwe kukafuna china. Anatiuza kuti sachedwa. Tonse tinadziwa tanthauzo lake, ndiye aliyense anayamba kufuna mthunzi.

Pafupi panali kagolosale ka malata, ndipo pashelefu, pakati pa sopo ndi machesi, panali gumbagumba yofunditsidwa kansalu. A Gondwe ndiwo anaiona. Mwini golosale anati mabatire atopa, koma tikawaotcha padzuwa angadzuke. Anawaika padenga. Tinakhala pakhonde kudikira mabatire afunde, basi ichire, nkhuku zikuwefuka m'dengu. Mayi uja anaziwaza madzi ndi pakamwa. Ine ndinadya chinangwa chotsala. Sindinadziwe chimene ndikamvere, poti chitseko sichimveka m'makutu, koma ndinati bola ndidziwe yakudayo kuti ndiipewe.

Imene inayamba kupezeka ndi yakuda yomweyo. Singano itangotera, munatuluka chiphokoso ngati malata akusasuka ndi mphepo ya mwera. Mbuzi zimene zinali pakhonde zinathawa. Mayi wa nkhuku anatseka makutu, nafunsa ngati anthuwa akuimba kapena akuwadula miyendo. Ine m'maso mwanga ndinaona a Matola akutola chipewa chawo n'kumapita kugombe osacheuka. Ndinaitenga n'kuiika pansi pa zonse.

Yachiwiri inali ya chikhamu. Anthu atayamba kukuwa ndi kuomba m'manja, mwini golosale anadumpha n'kutsitsa mawu, nati odutsa angayese pano pali msonkhano wopanda chilolezo. Yachitatu a Gondwe anati ndi yoyamba kubadwa ija. Inali yothamanga, yosangalatsa ndithu, ana a pamudzipo anabwera n'kuyamba kudumpha. A Gondwe anandiyang'ana ngati akuti mwaonatu. Ndinati ndaona, koma a Matola si mwana wodumpha.

Yachinayi inayamba mosiyana. Gitala imodzi yokha, pang'onopang'ono, ngati munthu akupalasa bwato nyanja ili bata. Kenako mwamuna mmodzi anayamba kuimba motsitsa, ng'oma zikubwera kumbuyo mwaulemu. Ana aja anasiya kudumpha. Tili m'kati momvera, woimbayo anafika pa liwu lina n'kukodwa. Analiyamba, n'kubwerera, analiyambanso, n'kubwereranso, pamalo amodzimodzi.

A Gondwe anati iyi yafa, yakandika, imeneyi ikhale yomaliza kapena ingotayidwa. Anatambasula dzanja kuti akankhe singano.

“Taimani, aphunzitsi,” ndinatero.

Sindinadziwe kuti ndawagwira mkono. Woimba uja anabwereza, anabwerezanso, pakhonde ponse pali zii, kenako mwadzidzidzi liwu lija linatuluka lonse, nyimbo n'kupitirira ngati palibe chachitika. Ndinali nditamva zimenezi moyo wanga wonse, pamphasa, pagombe, m'tchalitchi. Mawu a Mwansa anandibwerera, ndipo ndinazindikira kuti Chinyanja chake sichinapotoke. Adikireni amalize okha. Mwana wanga sankalemekeza mbale ayi.

Ndinafunda chitenje kumaso kwa kanthawi. Mayi wa nkhuku sanafunse, anangosendera pafupi mpaka phewa lake linakhudza langa. Nditapeza mpweya ndinawauza za tsiku logawana nsomba lija. A Gondwe anaitenga mbaleyo mosamala, anawerenga kapepala kake, nati mwa kubadwa ndi yachinayi, ndipo munthu wodziwa gululi sangamuyambitse mnzake pamenepo, makamaka mbale yokandika chotere. Anaipukuta ndi mpango wawo n'kundipatsa. Anati koma kwa a Matola ndiyambe ndi imeneyi. Yachisanu, ya tambala, tinaimvera pongomaliza mwambo, mabatire akufa, woimba akukoka mawu ngati woledzera weniweni. Mayi wa nkhuku anati si imeneyo, mabatire ndiwo amunamizira.

Ndinavula duku n'kuikulunga payokha kuti isasokonekerenso. Kondakitala anabwera ndi chitsulo dzuwa litapendeka, ndipo tinatsikira ku Salima. A Gondwe anatsika panjira ya ku Chitala, buluku atalitulutsa m'masokosi. Sindinawaonenso.

A Matola ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Anandilonjera, anafunsa za miyendo yanga, za mvula ya kumeneko. Za manda sanafunse, koma ndinawauzabe kuti ndi osamalika, Mwansa anadzalapo maluwa. Ndinadikira mpaka m'mawa mwake m'pamene ndinawauza kuti mbale zija si zodyera, ndi nyimbo zimene mwana uja ankafuna kudzawaimbira. Anapitiriza kusoka. Patapita nthawi anakweza chala chimodzi.

“I-i-imodzi,” anatero.

A Jafali anabwera ndi gumbagumba yawo ataisenza pamutu, mabatire atsopano ali m'thumba. Anaikhazika pampando pansi pa mango pomwepo. Anthu angapo anasonkhana, monga mudziwa gumbagumba siyenda yokha. A Jafali anafuna kusankha okha, akuti iwo ndi amene amadziwa za mbale, koma ndinamasula duku n'kuwapatsa ya m'menemo. Anaipendeketsa padzuwa, anaona pokandika paja, nati mlamu, iyi yavulala, bwanji tiyambe ndi ina. Ndinati imeneyo.

Gitala ija inayamba. A Matola sanadzutse mutu, manja ali pa ukonde. Mwamuna uja anayamba kuimba. Ine sindinkamvera nyimbo, ndinkangoyang'ana manjawo. Atafika pa liwu lija n'kukodwa, manja anaima. A Jafali anati si ndinanena, n'kutambasula chala kupita pa singano. A Matola anawagwira padzanja, osati mwaukali, koma zolimba, ndipo sanawasiye mpaka woimbayo anatulutsa liwu lake yekha.

Nyimbo itatha ndinalankhula motsitsa, ngati ndikuuza ukonde. Ndinati mpongozi wathu akuti pa mbale zonse iyi ndiyo ankaikonda, ndipo ikafika pamenepa sankalola munthu kuigwira. Ankati adikireni amalize okha.

A Matola anayang'ana mbale ija ikuzungulirabe popanda mawu. Milomo yawo inayamba kugwedera.

“Le,” anatero. “Le. Le.”

A Jafali anayang'ana pansi. Amayi amene anaima kumbuyo anagwira ana awo pakamwa. Tonse tinkalidziwa dzinalo, linali pa lilime la aliyense, ndipo linawatengera nthawi yaitali kuposa mawu onse amene ndinawamvapo akulimbana nawo. Palibe anawamalizira.